Zitseko Ziwiri, Milisekondi Imodzi

Chimene chinkamusowetsa tulo Fyness chinali kachipangizo kamene mlamu wake Edwin anamata pa zitseko zonse ziwiri, chakumaso ndi chakuseri. Mwamuna wake ali ku Joni anamva zoti mkaziyo amayenda usiku ku Chikale kuno. Ndiye anatuma mng'ono wakeyo, wodziwa zamakompyuta, kuti chitseko chikangotseguka, nthawi izilembedwa. Akapezeka wolakwa, amulanda Mwabi, mwana woyamwabe.

Madzulo ena Edwin anabwera ndi laputopu, osapereka ndi moni womwe.

"Alamu, paja mumati simutuluka. Nanga izi?"

Fyness anasuzumira. Mizere iwiriiwiri: tsiku, ola, mphindi, sekondi, kenaka kadontho ndi manambala atatu.

"Atatu akumapetowa ndi a chiyani?"

"Mamilisekondi. Sekondi imodzi kuiduladula kachikwi. Pulogalamu yanga imawatapa pa wotchi ya kachipangizoko."

Apo Edwin anayang'anitsitsa manambala aja. Anayandikitsa nkhope, chala chikutsata mizere. Kenaka anasendeza mpando wake kutali ndi Fyness.

"Chakumaso ndi chakuseri zikutseguka pamodzi, mpaka nambala yomaliza. Usiku uliwonse. Chibwenzi sichingathe zimenezi. Alamu, kodi inu mumatuluka muli angati?"

Ananyamuka tiyi asanamwe.

Usiku umenewo Fyness anakhala pansi pakhonde lam'kati, pomwe amaona zitseko zonse, Mwabi ali pamiyendo. Magetsi anathima. Agalu a kwa aneba anauwa, kenaka n'kuleka onse kamodzi.

Zogwirira zonse ziwiri zinatsika. Pang'onopang'ono. Makiyi ali m'manja mwa Fyness.

Kumaso kunaima mzimayi, msinkhu ngati wake, chitenje ngati chimene iye anavala. Fyness anacheuka. Kuseri kunaimanso yemweyo. Onse awiri anali ndi nsalu yoberekera, yopanda mwana. Onse anatambasula manja.

Fyness anam'panikiza Mwabi pachifuwa mpaka mwanayo analira.  Manja aja anakhala chitambasulire nthawi yaitali, osatopa. Kenaka zitseko zinatsekeka, phokoso limodzi.

Kutacha, amayi a pampopi anasiya kucheza atamuona. Wina ananong'ona mokuti amve: "Mayi uja ndi ameneyu, amadzigawa pawiri."

Foni inalira. Uthenga wa ku Joni: "Watulukanso. Edwin akubwera kudzatenga mwana."

Fyness sanayankhe. Anabereka Mwabi, namanga nsalu mfundo ziwiri. Anasiya zitseko zonse zili pululu, nakwera mtunda wa ku boma kukafuna minibasi ya ku Mzuzu, osacheuka.