Diso Lamanzere la Salifyanji

Salifyanji anakumana ndi Saul podikirira basi ku Chelstone. Tsikulo zilembo za pafoni yake zinkangooneka mbuu, ndiye anapempha mnyamata amene anaima pambali pake.

"Pepani, niwelengeleniko meseji iyi. Maso yanivuta."

"Maso yabwino chonchi yangavute?" Saul anafunsa akumwetulira. Atawerenga, analembamo nambala yake.

Chikondi chinayaka msanga, koma matenda nawo sanachedwe. Salifyanji anayamba kutuluka magazi m'mphuno, thupi lofooka, mpaka anasiya ntchito yoluka tsitsi. Dokotala anati ndi khansa ya m'magazi, ndipo magazi anali atachucha m'kati mwa maso onse awiri. Posakhalitsa ankangoona zithunzithunzi.

Popeza sakanatha kuwerenga, Saul ankamutumizira mawu ojambula pafoni.

"Switi wanga, osalila. Ukapola chabe, nizabwela na bakulu kwanu. Sinizakusiya."

Salifyanji ankawamvera mobwereza kunyumba kwa azakhali ake ku Kabwata. Ndi mwamuna uti akanapirira mkazi wothothoka tsitsi ndi mankhwala?

Kenako Saul anayamba kubwera ndi mtsikana wina.

"Uyu ni sisita wanga, Emmy. Azikuthandizako."

Emmy ankamusambitsa, kumudyetsa, kumugwira dzanja popita kuchipatala. Salifyanji ankamutcha mulamu, ndipo ankamukonda.

Mankhwala atayamba kugwira, diso lamanzere linayamba kuyera pang'onopang'ono. Anaona katani, kenako nkhope ya azakhali. Anawapempha kuti asauze munthu. Ankafuna kuti Saul amve kwa iye mwini.

Loweruka masana awiriwo anafika. Saul anakhala pampando, namugwira dzanja.

"Shani, mtima wanga, uli bwanji? Nakuyewa, nenze kukuganizila chabe."

Salifyanji anakweza mutu kuti amuuze. Asanatero, anaona chinthu china. Dzanja lina la Saul linkasisita mimba ya Emmy, mimba yooneka kale. Emmy anali atazolika.

"Mulamu," Salifyanji anatero pansipansi, "delesi yofiila iyo yakuthinani. Mimba ili na miyezi ingati?"

Saul anamusiya dzanja ngati wagwira khala lamoto.

"Uona?"

"Niona."

"Switi, lekela nikufotokozele..."

"Osanama futi, Saul," Emmy anamudula akulira. Anagwada pafupi ndi Salifyanji. "Sindine sisita wake. Ananiuza kuti simuzafika Khisimasi, ati tikusamaleni chabe mufe na mtendele."

Salifyanji anayang'ana Saul, kudikira kuti akane. Saul ankayang'ana nsapato zake.

"Ba anti," Salifyanji anaitana, "balendo bayenda."

Anaima pawindo atagwira chitsulo kuti asagwe. Ndi diso limodzi lija anawaona akutuluka pageti, Saul patsogolo, Emmy akutembenukatembenuka. Azakhali anabwera kudzamugwira phewa.

"Lolemba tizayenda kuchipatala tili babili," Salifyanji anatero. "Ine Khisimasi nizaidya, ba anti."

Azakhali anamupukuta magazi amene anayambanso kudontha m'mphuno.