Ndinati Wilmor Sakuyenda

Amayi anga sadziwa. Abusa athu sadziwa. Ine ndine munthu wamanyazi, ndipo kusukulu anzanga ankanditcha "mngelo wa m'kalasi." Koma ndinanama. Ndinauza munthu wina kuti Wilmor, mnyamata amene ndimamukonda, sangathe kuyenda, pamene m'mawa wa tsiku lomwelo ndinali nditamuwerengera ndekha masitepe makumi anayi.

Tinakumana padoko la kwathu ku Puerto Lempira. Ndinali nditangomaliza sekondale, ntchito kulibe, ndiye ndinkagulitsa buledi wa kokonati amene amayi amaphika. Tsiku limenelo boti lina linabwera ndi anyamata olowa pansi pa nyanja kukagwira langosita, nkhanu zazikulu zija. Mmodzi, wamtali, wa dzino lobenthuka, anaima patsogolo pa dengu langa.

"Aphunzitsi, buledi ameneyu ngwa lero kapena ngwa chaka chatha?"

Ndinali ndi buku pamiyendo, n'chifukwa chake ananditcha choncho.

"Ngwa lero," ndinayankha nditayang'ana pansi.

"Nanga nkhope mukuibisiranji? Kapena yokhayo siyoonetsa makasitomala?"

"Musiye mwana wa eni, iwe Wilmor!" mnzake anakuwa. "Masiku khumi ndi awiri osasamba, ukununkha nsomba!"

"Ndikununkha ntchito, galu iwe!"

Anagula buledi yense, nkugawira anzakewo. Kenako anatenga buku langa osapempha, nkulemba nambala yake patsamba lomaliza. Ndinatha masiku anayi ndikungoiyang'ana. Tsiku lachisanu ndinalemba mawu awiri okha: "Ndine Dayra."

Yankho linabwera mphindi isanathe. "Duwa langa la kokonati! Ndimati mwina ndalemba nambala yolakwika, ndinatsala pang'ono kudzimenya."

Kuyambira pamenepo foni yanga sinapume. Akamanyamuka ankalemba kuti: "Pansi pa nyanja kulibe netiweki, koma ndikakhala kumeneko ndimakulembera mumtima. Uziwerenga." Ine ndinkaseka ndekha mpaka amayi nkumandifunsa ngati mutu wanga uli bwino.

Tsiku lina tili pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, ndinamuuza za bambo anga. Nawonso anali olowa pansi. Anabwerera atagonekedwa m'chipinda cha ayezi cha m'boti, pambali pa langosita zimene anagwira okha. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Wilmor anasiya nthabwala. Anandigwira manja onse awiri.

"Nyengo imodzi yokha ya langosita, wapamtima wanga. Ndimange kanyumba, ndibwere kwa amayi ako ngati munthu, basi. Ikatha, ukadzandionanso ndi silinda ya mpweya kumsana, udzandilavulire kumaso."

Ndinamukhulupirira. Nanga mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akanatani?

Zinachitika mu Okutobala. Inali silinda yake yakhumi ndi chiwiri tsiku limenelo. Silinda za kuno zilibe wotchi yoonetsa mpweya wotsala. Munthu amadziwa kuti mpweya watha pamene watha. Unam'thera ali pansi kwambiri, ndipo anakwera mothamanga, chinthu chimene aliyense amadziwa kuti chimapha. Atam'kokera m'bwato anapempha madzi akumwa, kenako anafunsa mnzake kuti, "Miyendo yanga waiika kuti?"

Kuchipatala anamulowetsa m'chitsulo chachikulu chonga thanki, chimene amapopamo mpweya kuti magazi abwerere m'malo mwake. Ndinkamuyang'ana pa kawindo kozungulira. Atandiona anatulutsa lilime kuti ndiseke. Ndinaseka, kenako ndinathamangira panja kukalira.

Mayi ake, a Clementina, ankati mzimu wachikazi wa m'nyanja wamuyang'ana mwana wawo, ndipo ankam'fukiza masamba. Adokotala sanatsutsane nawo. Anangotiitanira pambali.

"Ngwamng'ono, akalimbikira akhoza kuyendanso. Koma akadzalowanso pansi, sindikulonjeza kuti mudzam'bweretsa kuno wamoyo."

Anatuluka m'chipatala atanyamulidwa. Miyezi iwiri yoyamba ankangogona m'machira pakhonde la mayi ake, miyendo ili ngati nthochi zofota. Ndinkapita m'mawa uliwonse ndisanapite kudoko. Ndinkam'pinda maondo ndi kuwongola monga anandiphunzitsira anesi, ndi kum'paka mafuta a kokonati.

"Aphunzitsi, ndiye mwapezerapo mwayi wondigwiragwira, eti?"

"Khala chete, kankha dzanja langa."

"Ndikukankha."

"Sukukankha."

"Mumtima ndikukankha."

Mu Januwale chala chachikulu cha kumanja chinagwedera. Mayi Clementina anakuwa mpaka anthu oyandikana nawo anabwera akuthamanga, kuganiza kuti kwagwa maliro. Tinamanga chingwe kuchokera pa mzati wa nyumba kukafika pa mtengo wa kokonati. Mu Malichi anaima atachigwira. Mu Epulo anayenda masitepe atatu nkugwa, nkudzuka akutukwana. Ine ndinkawerenga mokweza, iye nkumati ndikum'bera.

Masiku amenewo ndi amene ndinasangalala kwambiri m'moyo wanga. Anali wanga, pamtunda, pamene ndinkatha kumuona.

Kenako tsiku lina mu Meyi, atafika pa mtengo uja osagwa, anaukumbatira akupuma mwawefuwefu, nkunena akumwetulira:

"Waona? Pa 1 Julayi nyengo ikamatsegulidwa ndidzakhala m'boti."

Ndinamva ngati wandithira madzi a ayezi.

"Wilmor, unalonjeza!"

"Ndinalonjeza nyengo imodzi. Ndinaimaliza? Kanyumba kali kuti?"

"Adokotala anati..."

"Adokotala amauza aliyense choncho. Amalume anga anagwidwa ndi matenda omwewa kawiri, mpaka lero akulowabe. Ukufuna ndizitani, duwa langa? Ndizikuthandiza kugulitsa buledi? Kuno kuli ntchito ina iti ya mwamuna? Mayi anga azindidyetsa mpaka liti?"

Ndinayesa kulira, anandipukuta misozi nkundipsompsona pachipumi. Ndinayesa kukwiya, ananditumizira meseji: "Ndikuchirira iwe. Sitepe iliyonse ndi yako." Ndinapita kwa Mayi Clementina, iwo anangoyang'ana kunyanja nkuti, "Mwana wanga, amuna athu sitiwaletsa. Timangowapempherera."

Ndipo m'mawa uliwonse ndinkapitabe kukamuwerengera masitepe, ndikudziwa kumene masitepewo akum'pititsa. Kodi pali chinthu chowawa kuposa kuchiritsa munthu ndi manja ako kuti nyanja ikam'tenge?

Amene amalemba anyamata okwera boti limene Wilmor amakwera ndi a Ambrosio. Akazi a kuno ndi amene amadziwa kachitidwe kawo: munthu akadwalapo, samufunsa mwini wake, chifukwa mwamuna aliyense amati ali bwino ngakhale akukwawa. Amafunsa akazi a pakhomo pake. Amati mkazi sanganame pa nkhani ya chakudya cha m'nyumba mwake.

Anandipeza padoko pakati pa Juni, kope lawo lili m'manja. Anagula buledi mmodzi.

"Iwe ndiwe ukusamala Wilmor, eti? Mayi ake sindingawafunse, angomuyamikira. Iwe ndiwe wophunzira. Ndiuze zoona, mwana wanga. Ndamva kuti wayamba kuyenda."

M'mawa umenewo anali atayenda masitepe makumi anayi osagwira chingwe. Anali atavinako pang'ono.

"Sakuyenda, bambo."

Mawuwo anatuluka okha, mosalala, ngati ndinawakonzekera chaka chonse.

"Ngakhale ndi ndodo?"

"Timachita kum'nyamula. Akauza anthu kuti akuyenda, ndi manyazi chabe. Musamuuze kuti ndakuuzani."

A Ambrosio anapukusa mutu. "Mayo ine! Mnyamata wamphamvu ngati uja." Anatsegula kope, nkudula mzere pa dzina lake ine ndikuona.

Ndinkaganiza kuti ndamupulumutsa. Ndinkati adzakwiya sabata imodzi, kenako adzazolowera, tidzapeza china chochita. Ndinali mwana!

Pa 1 Julayi Wilmor anadzuka, nkumeta ndevu, nkuvala malaya ake abwino. Chikwama anali atalongedza kale. Anakhala pakhonde foni ili m'manja, kudikira kuti aitanidwe. Dzuwa linakwera. Tinamva maboti akuliza malipenga awo, limodzi limodzi. Analembera a Ambrosio katatu. Masana yankho linabwera, ndipo anandipatsa foni kuti ndiwerenge ndekha.

"Pepa mphwanga. Ndikudziwa mmene ulili. Pumula, nyanja si yakonso."

Sanakuwe. Sanatukwane. Anavula malaya aja, nkuwapinda bwinobwino, nkugona m'machira.

M'mawa mwake ndinabwera monga mwa masiku onse.

"Tiye kuchingwe."

"Mawa."

Mawa lake anatinso mawa. Sabata inatha. Chakudya ankangochilawa, ngakhale nsomba ya mkaka wa kokonati imene amaikonda. Sabata yachitatu maondo anayambanso kuuma, ndipo ndikawapinda ankaluma mano. Pamsana panatuluka chilonda. Anesi atabwera anatikalipira kuti zimene tinapindula m'miyezi isanu ndi itatu zikhoza kutha m'miyezi iwiri, ndipo zikatha sizibweranso.

Ndinam'nyengerera. Ndinam'werengera nkhani za m'mabuku anga. Ndinamuopseza kuti sindidzabweranso. Ankangoyang'ana denga. Dzina lija la Aphunzitsi linatha, duwa la kokonati linatha. Ndinasanduka Dayra basi.

Kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Koma maboti amabwerera pakatha masiku khumi ndi awiri, nkutenganso anthu. Ndikanena, adzadzuka, adzapita kwa a Ambrosio ndi miyendo yake, ndipo adzalowa pansi. Ndikapanda kunena, adzaphwa m'machira ine ndikuona. Njira zonse ziwiri zinkandilanda munthu yemweyo.

Sabata yachisanu, ndili padoko, meseji inalowa.

"Dayra, usabwerenso. Ndiwe wamng'ono, ndiwe wophunzira. Peza mwamuna wa miyendo. Zikomo pa zonse."

Ndinasiyira mayi wogulitsa nthochi dengu langa, nkuthamanga. Ndinapeza Mayi Clementina akuchapa kuseri kwa nyumba. Anangondilozera kukhonde ndi mutu, maso ali ofiira.

"Ndati usabwere," anatero osandiyang'ana.

"Sungandisiye pa foni ngati ndine kasitomala."

"Ndiye ndikusiya pamaso. Pita."

"Wilmor, unkayenda! Unkavina! Bwanji wangogonja?"

Anaseka kuseka kumene sindinkakudziwa.

"Kuyenda kwanji? A Ambrosio akhala akusankha amuna zaka makumi awiri. Amangokuyang'ana kamodzi nkudziwa. Ayenera kuti anadutsa apa nkundiona ndikudzikoka pachingwe ngati mwana wa bakha, ine nkumadziona ngati ngwazi. Inu nonse munkangondiombera m'manja pondimvera chisoni. Iwo okha ndi amene anandiuza zoona."

"Si choncho."

"Ukudziwa chimene chimandiwawa? Ndinkakhulupirira kuwerenga kwako. Ukati makumi anayi, ndinkati ndine munthu."

"Analidi makumi anayi!"

"Ndiye anandisiyiranji?"

Anatembenuka nkundiyang'ana koyamba m'masiku ambiri. Nkhope inali itaonda, dzino lobenthuka lija likuoneka lalikulu. M'maso mwake munalibe mkwiyo. Munali funso lokhalo, ndipo padziko lonse munthu wodziwa yankho lake ndinali ine.

Ndinaganiza za chipinda cha ayezi. Ndinaganiza za chilonda cha pamsana pake. Ndinagwada pambali pa machira. Kuseri, Mayi Clementina anali atasiya kuchapa.

"Ukuliranji tsopano?" anandifunsa motsitsa. "Iwe sunalakwe kanthu, duwa langa."

Akanapanda kunditchula dzina limenelo, mwina ndikanasungabe.

"A Ambrosio sanakuonepo, Wilmor. Sanadutse pano. Anabwera kudoko kudzafunsa ine, ndipo ine ndinawauza kuti sukuyenda, kuti timachita kukunyamula. Anadula dzina lako ine ndikuona. Miyendo yako ilibe mlandu, wabodza ndine. Ndinaopa kukulandira ngati mmene ndinalandirira bambo anga. Ndikudziwa kuti ukadzuka upita, ndipo sindingakuletse. Koma dzuka. Ngati ukufuna kundida, undide uli chiimire."