Odi Pakhomo la Mayi Pruitt

Buku limenelo linanditopetsa kwabasi. Aphunzitsi athu pa yunivesite, kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, anatipatsa buku lakalekale la ku Mangalande kuti tilembe za anthu a m'menemo ndi za amene akufotokoza nkhaniyo. Muli chinyumba chamdima, bambo wolusa, ndi mkazi wake wodwala amene anapezeka atafa panja m'mamawa, kuli chisanu. Wofotokoza zonsezi ndi mayi amene ankamudwazika. Iye amalumbira kuti alibe mlandu, akuti anangomva mawu akuitana panja.

Ine ndinkangoti bodza lenileni. Munthu wamkulumkulu kumanamizira mizukwa!

Usiku ndinkasamalira mayi Pruitt, nkhalamba yachizungu yokhala yokha. Maso anali atachita khungu, mutu utayamba kuiwala, ndipo ankakonda kutuluka osadziwa kolowera. Mwana wawo anandiuza chimodzi chokha: chitseko chikhale chokhoma, kiyi m'thumba mwanga. Ntchitoyi ndi imene inkandisunga pasukulu.

Usiku wina ndinawadyetsa, kuwamwetsa mankhwala, n'kuyamba kuwawerengera bukulo mokweza kuti nanenso ndisunthe.

"Upile, ukudana naye chifukwa chiyani mayiyu?" anandifunsa.

"Ndi wabodza, mama. Anatsegula yekha chitseko."

"Mwina anatseguladi. Koma iwe unamva zimene iye anamva?"

Ndinangotsonya chamumtima. Posakhalitsa anagona.

Kunja sinowo ankagwa mwakachetechete. Ndinakhala pabalaza, laputopu pamiyendo, ndikulimbana ndi ndime yoyamba imene inkakana kutuluka.

"Odi."

Anali mawu a mzimayi. Ofatsa, aulemu, ngati a munthu wodzapala moto.

Kwathu munthu akati odi suyamba waganiza, pakamwa pamayankha pokha. "Odini," ndinatero. Ndinali nditaimirira kale pamene ndinakumbukira kuti ndili ku Indiana, ndipo mumsewu monsemo munalibe Mmalawi wina.

"Odi kuno."

Tsopano mawuwo anali pachitseko penipeni.

Ndinaganiza za Tusekele, mnzanga amene galimoto yake imangofera paliponse. Mwina yamuthera chapafupi. Munthu wakwanu sungamusiye pachisanu chotere. Ndinatulutsa kiyi, ndinatsegula.

Panalibe munthu. Sinowo wapakhonde anali wosalala, wopanda phazi ngakhale limodzi. Kamphepo kanandidutsa m'mbali pang'onopang'ono, ngati mlendo amene akulowa mowerama.

Ndinakhoma msangamsanga. Ndinagwedeza chitseko kuti nditsimikize. Kiyi ndinabwezera m'thumba. Nditasuzumira kuchipinda, mayi Pruitt anali m'tulo. Koma mpando umene ndinausiya pakona unali pafupi ndi bedi, utayang'ana kwa iwo.

Ndinaimbira Tusekele.

"Ndiwe unabwera kuno?"

"Iwe, ndili pa shifiti ku Indianapolis ine. Usandidisitebe."

Sindinagone, ndikunenetsa. Ndinakhala pansi kunja kwa chipinda chawo, msana kukhoma, maso pachitseko. Ndinkamva akulankhula motsitsa, mwina kuseka pang'ono, ngati akucheza ndi munthu. Ndikalowa, zii, ali gone. Ndikatuluka, macheza ayambiranso.

Kutacha, pabedi panalibe munthu.

Chitseko chinali chokhoma. Kiyi anali m'thumba mwanga. Mayi Pruitt anapezedwa ndi neba atakhala pabenchi yodikirira basi, opanda nsapato, milomo itachita bii. Anapulumuka, koma kuchipatala anawadula zala zina za kuphazi.

Mwana wawo sanakuwe ayi. Anangondifunsa modekha.

"Unatsegula chitseko usiku?"

"Ndinatsegula, koma ndinakhomanso."

"Unkatsegulira ndani?"

Ndikanati chiyani? Kuti kwathu odi sakanizidwa? Ntchito inathera pomwepo, ndipo teremu yotsatira sindinalembetse.

Lamlungu lina tinali ku Beech Grove, kumapemphero a Amalawi. Mayi Vainess, nesi amene tonse timawatenga ngati kholo, anandikokera pambali.

"Mwanawe, sanakuuze kwanu? Odi wausiku sayankhidwa. Ukayankha wamulowetsa, ndipo wotereyo satuluka yekha."

Kumbuyo kwanga wina ananong'ona kuti, "Aaa, anangodozila pa shifiti ameneyu." Zinandipweteka kuposa kuchotsedwa ntchito.

Chonyansa n'chakuti zimene ndinalemba za buku lija teremuyo isanathe, zoti mayi wa m'bukulo ndi wabodza, aphunzitsi anaziyamikira pamaso pa kalasi yonse. Ine ndinangowerama. Nkhani yangayi ndaifotokozera aliyense wofuna kumva, ndipo onse amandiyang'ana mmene ndinkayang'anira bukulo.

Mwezi watha ndinakawaona mayi Pruitt kunyumba yosungirako okalamba kumene anawapititsa. Dzina langa analiiwala. Koma atamva mawu anga anandigwira dzanja, nkhope ili mwee.

"Mnzako uja waulemu amabwera usiku uliwonse," anatero. "Akuti uli kuti masiku ano?"