Wosowa wa ku Palma

Pa chipata cha Forbes, pamalire olowera ku Mozambique, madalaivala a mathiraki akatopa ndi mzere amasanduka akuluakulu a asilikali. Foni kumanja, samusa kumanzere, n'kumagamula kuti dziko liti liphulitse liti. Rukaiya, mtsikana wa ku Chikanga, dera la m'tauni yapafupi, amene ankawagulitsa masamusawo, ankangowaseka chamumtima. Anthu olephera kuwoloka boda angathetse nkhondo za eni?

Tsiku lina mmodzi wa iwo anasiya mkangano uli pakati n'kudzaima pa beseni lake.

"Makadii, sisi?" anapereka moni m'chinenero cha kumeneko.

"Tiripo. Angati?"

"Lilime limenelo ndi la kwathu. Ndiwe wa Chinyanja iwe?"

"Agogo anachokera ku Mangochi. Ndati angati?"

"Awiri. Ndi nambala yako."

Dzina lake anali Latifu. Nambalayo sanaipeze tsiku limenelo, koma munthuyo anali wakhama, ndiponso pakamwa pake panali potsekemera. Atangoipeza, foni ya Rukaiya sinapumenso.

"Mudiwa wangu, wokondedwa wanga, Beira yonse ndaizungulira, maso ngati ako kulibe."

"Nyenyezi yanga, ukadzandikana thiraki iyi ndidzaisiya pakati pa msewu."

Rukaiya anamukonda, osati pang'ono. Koma chikondicho chinali cha m'thumba, pakuti kwawo mtsikana satchula dzina la mwamuna pagulu ankhoswe asanafike kwa amalume. Ndipo amalume ake, a Hamisi, amene anamulera kuyambira ali wamng'ono, sanali munthu wochita naye zachibwana.

"Ankhoswe ako abwera liti?" Rukaiya anafunsa tsiku lina, ndipo sikanali koyamba.

"Ndapeza ntchito yonyamula zitsulo ku Palma, kumpoto kwa Mozambique. Ndikangobwerako, ukwati wathu wa ndowa udzagwedeza Chikanga yonse. Ndikulumbira."

"Kumeneko si kuli nkhondo?"

"Chipolopolo chikalasa chiyani, poti mtima ndausiya kwa iwe?"

Mtsikanayo anaseka. Akanadziwa!

Chakumapeto kwa Malichi, chaka cha 2021, mafoni onse mu minibasi imene Rukaiya anakwera ankaonetsa chinthu chimodzi. Zigawenga zinali zitalowa mu Palma. Utsi, magalimoto opsa, anthu akuthawira kunyanja. Rukaiya ali mkati moonera, uthenga unalowa.

"Akuwombera. Undipempherere, nyenyezi yanga."

Anaimba, foni yozima. Anaimbanso, chimodzimodzi.

Pa gulu la Watsapu la anthu a kumzikiti panali chipwirikiti.

"Atsogoleri akugona. Atumize asilikali lero lomwe."

"Atumize ana a ndani? Ako?"

"Nkhondoyi ikangofika ku Beira, mawa lake ili pa Forbes. Gulani ufa."

"Iyi ndi nkhondo ya gasi, musanamizidwe."

Wina anaponya vidiyo ya mitembo, kenako kunadziwika kuti inali yakale, ya dziko lina. Koma Rukaiya anali ataionera kale mobwerezabwereza, akufunafuna nkhope ya Latifu pakati pa akufawo. Chakudya chinamukanika. Masamusa ankapserera m'mafuta iye ali chiimire.

Mnzake Lines, wogulitsa nthochi pambali pake, ndiye anamulimbitsa mtima.

"Ika chithunzi chake pa Fesibuku. Alipo amene wamuona."

"Nanga amalume akachiona?"

"Ukuopa amalume munthu ali pakamwa pa imfa?"

Rukaiya anaika chithunzicho, n'kulemba kuti: "Uyu ndi Latifu, amene adzandikwatire. Wasowa ku Palma. Amene wamuona, chonde andiuze."

Chinafalikira ngati moto wolusa. Ena analemba mapemphero, ena anasandutsa nkhope ya Latifu bwalo lotukwaniranapo za atsogoleri. Pasanapite nthawi a Hamisi anatulukira pakhomo nkhope ili gwa.

"Ine ndizimva za ukwati wa mwana wa mlongo wanga pa foni ya wogulitsa nyama?"

Rukaiya anagwada, misozi ili chuchuchu. "Ndalakwa amalume. Koma mwina pano wafa."

A Hamisi anali okwiya, koma sanali ouma mtima.

"Za mwambo tidzakamba. Moyo wa munthu uyambe."

Lachisanu, anthu atatuluka kumzikiti, a Hamisi anaitana shehe ndi oyandikana nawo kuti adzachite dua yopempha kuti Latifu apezeke wamoyo. Anaphikitsa mpunga, anayala mikeka, amuna mbali iyi, akazi mbali inayo. Pemphero lili mkati, panafika mayi wina wachilendo, mwana kumsana. Anakhala pansi cha kukhomo, n'kudikira mpaka onse atanena amina.

"Pepani akuluakulu," anatero mayiyo. "Ine ndine Joice, ndachokera ku Tsvingwe. Rukaiya ndi uti?"

"Ndine. Mwamvako za iye?"

"Ndamusiya kuseri kwa nyumba, akukonza thiraki."

Rukaiya anadzambatuka. "Ali moyo? Alhamdulillah! Wafika liti?"

"Kufika kuchokera kuti, asisi?" anatero Joice. "Latifu ndi bambo wa mwana uyu. Ku Palma sanapondeko chibadwire. Thiraki inafa kalekale, mwezi wonse uno ali pakhomo. Ine chithunzi ndachiona dzulo, anandionetsa ndi aneba, akundipepesa maliro mwini wake ali m'nyumba."

Shehe anangoyang'ana pansi.

"Mukunama," anatero Rukaiya motsitsa. Ankafunitsitsa kuti likhale bodza. Kodi munthu angafune kuti wokondedwa wake akhale pakati pa zipolopolo? Iye panthawi imeneyo anafunadi zimenezo, ndipo anadziopa yekha.

Joice sanatsutse. Anatulutsa foni, n'kuimba nambala imene Rukaiya sankaidziwa, n'kukweza mawu kuti onse amve.

"Mai mwana, muli kuti? Njala kuno."

Anali mawu omwe aja, athanzi, aulesi, a munthu amene wagona bwino.

"Latifu," anatero Rukaiya.

Pa foni panamveka kupuma kwamphamvu.

"Rukaiya, tamvera. Fufuta chithunzi chija. Anthu akundiseka kuno."

"Unati akuwombera."

"Unkandipanikiza ndi za ankhoswe, ndiye ndinangotchula Palma. Nkhondo itabuka ndinaona kuti mwina ukaganiza kuti ndafa, udzalira pang'ono n'kundiiwala. Ndinkafuna kuti usapwetekeke, mudiwa."

"Mudiwa ndi amako," anatero Joice, n'kudula foni.

A Hamisi anaimirira, n'kukhalanso. Munthu amene Chikanga yonse inkamudziwa kuti sasowa chonena, tsiku limenelo anangogwira ndevu. Mpunga unali ukuzizira m'mbale, palibe amene anautambasulira dzanja.

Akazi awiriwo anayang'anana. Rukaiya anafuna kumuda Joice, koma anaona kuti nayenso maso anali otupa.

"Sindinkadziwa," anatero Rukaiya.

"Ndaona. Munthu wodziwa saitana shehe."

Rukaiya anatenga foni yake. Pansi pa chithunzi paja anthu anali akukanganabe, ena akufunsabe ngati dalaivala uja wapezeka. Sanafufute. Analemba kuti: "Zikomo nonse. Wapezeka wamoyo. Ali ku Tsvingwe, kwa mkazi wake."

Woyamba kuyankha sanawerenge n'komwe mpaka kumapeto. "Mulungu ndi wamkulu, mlongo. Ukwati ukadzafika mudzatiitane."

Apa m'pamene Rukaiya anagwetsa foni pamkeka n'kuyamba kulira, kulira kwa maliro kwenikweni, ndipo amene anamugwira kuti asagwe anali Joice.