Zelipa Atsegula Diso Limodzi

Zelipa ankakhala ku Nuneaton, tauni ya kutsidya kwa nyanja. Ankakhala ndi amayi ake ndi amalume ake, a Phineas, ophunzira ku yunivesite. Amayi anali anesi. Ankangoona basi ndi chipatala, basi ndi chipatala. Zelipa ankafuna kuwaonetsa chinthu chokongola.

Tsiku lina mu Novembala kunada msanga. Amayi anavala yunifomu ya ntchito ya usiku.

"Tipemphere kaye," anatero amayi. "Tsinzinani nonse."

Panyumbapo lamulo linali limodzi. Popemphera, osatsegula maso.

Amayi anapempherera odwala. Anapempherera abale a ku Dedza, mmodzimmodzi.

Zelipa anatsegula diso limodzi. Limodzi lokha.

Pawindo, kumwamba kunali psuu! Mmunsi mwake munali mobiriwira. Kuwalako kunkayenda. Kunkapindika, n'kuwongoka, n'kupindikanso.

Zelipa anaganiza msangamsanga. Akanena, amayi adziwa kuti watsegula diso. Akapanda kunena, kuwala kutha amayi osakuona.

Amayi anayamba kupempherera madalaivala a basi.

Kuwala kunayamba kuzilala.

"Ameni!" anakuwa Zelipa. "Mummy, look!"

"Iwe Zelipa!" anakalipa amayi. Kenaka anayang'ana pawindo. "Mayo ine! Kukupsa kuti?"

Onse atatu anathamangira kuseri kwa nyumba. Kunalibe utsi. Kunalibe phokoso. Kuwala kuja kunabweranso, kwakukulu.

"Si moto, achemwali," ananong'ona amalume. "Tinamva dzulo ku yunivesite. Dzuwa laponya tinthu ting'onoting'ono. Tawomba mpweya kutali kumwambako. Mpweyawo ndi umene ukuwala."

"Nanga kukuvina bwanji?" anafunsa Zelipa.

"Dziko lathuli lili ngati maginito aakulu. Lili ndi zingwe zosaoneka. Mphepo yochokera ku dzuwa yagwedeza zingwezo. Ndiye mafunde akuthamanga, ngati chitenje choyanika pamphepo."

Funde lina linadutsa pamwamba pa madenga. Linadutsa lina. Linadutsanso lina.

Amayi anagwira pakamwa. Kenaka anatembenukira kwa Zelipa.

"Koma iwe," anatero pang'onopang'ono, "unaona bwanji uli chitsinzinire?"

Zelipa anayang'ana pansi. "Linali diso limodzi lokha, amayi."

Amalume anaseka chamumtima. Amayi anatsegula jekete lawo. Anamulowetsamo Zelipa. Munali mofunda.

"Pemphero lija sitinamalize," anatero amayi. "Bwerani pafupi, achimwene. Lero tipemphera maso ali kumwamba."