Gudumu la Mphunzitsi wa Masamu

Mphunzitsi wina wa masamu anali ndi jekete imodzi yothetheka m'zigongono, koma mutu wokha unali wakuthwa. Anapanga masewero a pa intaneti oti ana azitsegula pa kompyuta: gudumu la zipinda khumi, chopambana chimodzi basi. Mwana ankayamba ndi ndalama zabodza, n'kumazunguza gudumulo mpaka zonse psiti!

"Mwaona?" ankatero. "Ukazunguza kamodzi ukhoza kupata. Ukazunguza kambirimbiri, wodya ndi mwini gudumu. Juga ilibe mbale."

Koma zapakamwa ndi zamumtima n'zosiyana. Mlamu wake, amene masamu anamukanika kalekale, anali ndi shopu yobetchera mpira, galimoto ndi nyumba ya mpanda. Pomwe mwana wa mphunzitsi, mtsikana mmodzi yekhayo, ankapita kusukulu ndi nsapato zoseka. Njiru inamudya munthu wa Mulungu mpaka kuwonda.

Masana ena analowa m'kachipinda ka sing'anga, kuseri kwa shopu yokonzera mafoni. Munali mpando umodzi, mabotolo akuda ndi fungo la mafuta oola.

"Mukufuna mwayi, aphunzitsi," anatero sing'anga moni asanapatsane. "Inu a masamu mukudziwa kale: kuti wina apate, ena aluze. Mwayi sindiphika ine, ndimangousamutsa."

"Kuuchotsa kwa yani?"

"Kwa amene amakukhulupirirani. Gudumu lanu lija mukalikonze, lizipatsa ana nthawi zonse. Chithumwa ichi mukachibise pansi pa kompyuta yanu. Mwana akapata n'kuseka, mwayi wake wa moyo wonse wagwera m'thumba mwanu."

"Anawo afa?"

Sing'anga anamwetulira, mano okhaokha. "Sindipha munthu ine. Azingoyenda opanda mwayi basi. Chizimba chake n'chimodzi: wofuna kusewera musamuletse. Mukadzagwira dzanja la wina, chuma chonse chidzauluka tsiku lomwelo."

Mphunzitsi anavomera. M'kalasi momwe kale ana ankatulukamo atakwinya nkhope, tsopano munali phwete ndi m'manja. Iye akabetcha mpira, ngakhale timu yolemala inkamupambanira. Anagula galimoto, n'kusamukira m'nyumba ya matayilosi. Mlamu uja anayamba kumuvulira chipewa.

Kenaka madesiki anayamba kutsala opanda eni. Mnyamata wina mphezi inamusankha pabwalo lodzaza anthu. Mtsikana wina lole inasiya msewu wonse n'kukamupeza pakhonde la kwawo. Mphunzitsi ankadziwa bwino kuti zoterezi zimagwera munthu mmodzi mwa miyandamiyanda, koma apa zinkagwera kalasi imodzi. Kumaliro chipepeso chake ndicho chinkakhala chachikulu, anthu n'kumayamika kuti aphunzitsi ndi a mtima wabwino. Mantha anamulowa. Akamalemba pa bolodi ankamva gudumu likulira kumbuyo kwake, tche tche tche, chonsecho makompyuta onse ali ozimitsa. Koma kusiya ayi.

Tsiku lina atabwerako kuntchito anapeza mwana wake pa sofa, kompyuta ili pamiyendo.

"Adadi, anzanga akuti gudumu lanu masiku ano n'lokoma. Ndiyeseko kamodzi?"

Chala chinali kale pa batani. Dzanjalo linali pafupi, kungotambasula mkono akanaligwira. Anayang'ana mwanayo, anayang'ana matayilosi, anamva makiyi a galimoto akumulemera m'thumba. Mumtima anadzinamiza kuti kamodzi kokha mwina sapata, ngati kuti wochotsa zipinda zoluza anali wina. Abale inu, bambo wobala anangomulekerera!

Gudumu linazungulira n'kuima. Mtsikana anaseka, kuwomba m'manja, n'kuwakumbatira adadi ake.

Sabata isanathe mwanayo anadwala m'mimba, ululu wosagona nawo. Kuchipatala dokotala anati pakufunika opaleshoni tsiku lomwelo, apo ayi chotupa chiphulika.

"Musade nkhawa, bambo," anatero dokotala. "Ndi yaing'ono iyi, timapanga tsiku ndi tsiku. Mwa ana chikwi, mwina mmodzi yekha ndiye sadzuka."

Mphunzitsi anagwira malaya a dokotala. "Mmodziyo ndikumudziwa ine! Ndikumudziwa!"

Anamwino anamukhazika pa benchi poganiza kuti ndi mantha a ubambo chabe. Mkazi wake anamusisita pamsana. Mwana analowa akuwabayibitsa makolo ake, ndipo sanadzuke.

Chuma sichinauluke, poti chizimba anachisunga bwinobwino. Chomwe chinauluka ndi mutu. Lero amakhala pa geti la chipatalacho osavala nsapato, kuwerenga anthu olowa mmodzimmodzi. Akafika pa chikwi amagwada pamapazi a munthuyo, n'kumalira kuti, "Undikhululukire, mwana wanga."

Inu osirira za eni, chuma chamankhwala chilibe chaulere. Chimene wapata osakhetsa thukuta, wina waluza, ndipo dyera silifunsa kuti woluzayo ndi mwana wa yani.