Phukusi la Alamu

Anakumana pamalo odikirira basi, kunja kukuzizira moti zala zinkakana kupinda. Mtsikanayu, amene anzake ankangomutcha Namwino chifukwa cha maphunziro amene anapitira kudziko la eni, anali pa foni ndi mayi ake. Atangodula, mnyamata wa jekete lakuda amene anaima pambali pake anamwetulira.

"Pepani achemwali, sikuti ndimamvetsera. Koma patha chaka ndisanamve munthu akudandaula m'chilankhulo chathu. Mwandikumbutsa kwathu."

Basi inabwera n'kupita, iwo ali chiimire. Munthu wakwanu ukamupeza kutali chonchi, ungathamangirenso chiyani?

Mnyamatayo ankakonza zikepe za m'nyumba zosanja mumzinda waukulu, ulendo wa maola atatu pa sitima, ndipo kutauni ya koleji ankabwerako kamodzi pamwezi. Anzake awiri a Namwino, Wailesi wosatseka pakamwa ndi Abusa wosadya asanapemphere, atawerenga mauthenga ake anamupatsa dzina loti Shuga.

"Wadzuka bwanji duwa langa? Dzuwa lakana kutuluka kuno, lati uyambe wamwetulira iwe."

"Wadya, mtima wanga? Ukagona ndi njala, wowonda ndine."

Namwino ankawerenga akudzikumbatira yekha. Akanena zokamuona mumzinda, yankho linali limodzi: "Ndimagona kunyumba za antchito, mwana iwe, salola alendo. Pirira pang'ono, tidzakhala ndi khomo lathu."

Chaka chitatha, Namwino ali m'chaka chachitatu, Shuga anagwira manja ake onse awiri.

"Siya kaye sukulu, ubwere mumzinda tikwatirane. Sukulu sithawa. Ndikulonjeza, ndidzakubwezako ndekha."

Sukulu sithawadi, koma thandizo limene linkamulipirira maphunziro ndiye linali ndi miyendo. Ukasiya, amapatsa wina, ndipo silibwerera. Namwino ankadziwa zimenezi bwinobwino. Komabe anakatenga fomu yosiyira sukulu, anasaina, n'kuipinda m'chikwama kuti akapereke Lolemba. Chikondi chikakugwira, nzeru zimapita kutchuthi!

Pansi pa bedi lake panali phukusi. Aliyense wophunzira kunja amadziwa kuti ukangoti ukupita kumudzi, wasanduka lole ya anthu onse. Namwino atapita kwawo pa tchuthi, Shuga naye sanafune kuti malo a m'sutukesi apite pachabe.

"Azakhali anga akupeza pabwalo la ndege ndi kaphukusi ka mlongo wanga amene ali kuno mumzinda," analemba motero. "Ukasunge, ndidzatenga ndekha kumapeto kwa mwezi."

Chimene Shuga anaiwala n'chakuti amayi akuluakulu sakhulupirira ndege. Mayi aja anamanga phukusilo ndi tepi mpukutu wathunthu, n'kulemba adiresi mbali zonse zinayi, zilembo zake zazikulu ngati za pageti.

Sabata yomwe anasaina fomu ija, mayeso atatha, Wailesi anabwera ndi ganizo.

"Atsikana, tafa ndi mabuku! Loweruka tipite mumzinda, tikaone mlatho waukulu uja, tikajambulitse, tibwerere Lamlungu."

"Ndiye ine ndinyamula phukusi," anatero Namwino maso akuwala. "Ndikapereke ndekha kwa alamu anga. Shuga musamuuze, ndikufuna adzangomva kuti tadziwana kale."

Anagulanso mpango wabuluu woti akapatse alamuwo. Munthu sulowa m'banja la eni chimanjamanja.

Ulendo unayamba bwino. M'sitima Abusa anapempherera njanji, woyendetsa ndi mabuleki, Wailesi akudya mabisiketi a onse. Mumzinda anasochera kawiri, anajambulitsa pamlatho mphepo ikuwasokoneza tsitsi, anayesa nsapato m'masitolo atatu osagula ngakhale imodzi. Dzuwa litapendeka anapeza nyumba ya pa adiresi ija, yansanjika zisanu ndi ziwiri. Pachitseko cha chikepe panali pepala loti chawonongeka.

"Mwaona?" anatero Wailesi akupuma wefuwefu pamasitepe. "Mchimwene wake wokonza zikepe, mlongo wake akukwera wapansi. Amuna inu!"

Pansanjika yachisanu Namwino anakonza tsitsi, anagogoda. Anatsegula mayi wamng'ono thupi, wa maso otopa, mwana wa miyezi ingapo ali m'manja. Ataona zilembo za paphukusi anakuwa ndi chimwemwe.

"Dzanja la amayi anga ili! Lowani, lowani! Ndinu mtsikana wasukulu uja eti? Bambo a mwanayu anandiuza kuti anapeza wina woti atinyamulire. Anati sakudziwani bwino, anangokupezani kudzera mwa anzawo."

Bambo a mwanayu? Sakudziwani bwino?

Namwino analowa. Chipinda chinali chaching'ono koma chosamalika. Matewera anali atayanikidwa pafupi ndi zenera, pakona panali bokosi la zipangizo, ndipo kuseri kwa chitseko kunapachikidwa jekete lakuda. Pamwamba pa wailesi yakanema panali chithunzi cha ukwati. Mkwati anali akumwetulira kumwetulira komwe kuja kwa pamalo odikirira basi.

Mayi uja anali atadula kale tepi, akutulutsa timajuzi toluka ndi tisokosi.

"Taonani, agogo ake amulukira! Bambo ake, tabwerani mudzathokoze alendo!"

Shuga anatuluka kukhitchini atavala masilipasi, botolo la mkaka lili m'manja. Anaima. Pakamwa paja, pamene pankatuluka uchi m'mawa ndi madzulo, panangotuluka chibwibwi.

"A... achemwali. Mwayenda bwanji?"

"Achemwali?" Wailesi anaponya chikwama pansi. "M'mawa womwe uno linali duwa, pano ndi achemwali? Duwa lafota nthawi yanji, achimwene?"

"Wailesi, chonde," ananong'ona Abusa.

"Ayi Abusa, lero musandithimitse!"

Mayi uja anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana Namwino, anayang'ananso mpango wabuluu umene unali m'manja mwa mtsikanayo. Zinkaoneka kuti nkhaniyi ankaidziwa kalekale, ankangosowa nkhope ya mkazi winayo.

"Anandiuza kuti ndinu mlongo wawo," anatero Namwino misozi ikutsika. "Ndikulumbira mayi, sindinkadziwa. Ndinabwera kudzaona alamu."

"Ndimvereni kaye nonse," anayamba Shuga. "Nkhaniyi ili ndi mutu wake..."

"Gwirani mwana," anatero mkazi wake mosakweza mawu. "Ndiperekeze alendo."

Anatsika masitepe, Wailesi ndi Abusa ali patsogolo. Pansanjika yachiwiri mayi uja anaima n'kugwira Namwino pamkono.

"Mukuphunzira chiyani?"

"Unamwino."

"Chaka chanji?"

"Chachitatu."

Mayiyo anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Ine zinali zauphunzitsi. Ndinasiyira chachitatu chomwecho. Anati adzandibwezako yekha. Pano patha zaka zinayi, mabuku anga ndi amene akuchirikiza mwendo wa bedi." Anamuyang'ana m'maso. "Fomu yosiyira sukulu mwasaina?"

Namwino anagwira chikwama chake.

"Ndasaina."

"Mwapereka?"

"Ayi. Ndimati Lolemba."

Mayi uja anatseka maso, anapumira m'mwamba ngati watula mtolo wa nkhuni.

"Ndiye mwapulumuka, mng'ono wanga. Pitani mukaphunzire. Za m'nyumba muno zisiyireni ine."

Namwino anamupatsa mpango uja. Mayiyo anaulandira ndi manja awiri, anabwerera m'mwamba pang'onopang'ono osacheuka.

Kunja, pabenchi ya pafupi ndi sitolo ya maluwa, Namwino analira kulira kwenikweni, kwa mamina ndi kwikwi. Chaka chathunthu! Mauthenga onse aja, malonjezo onse aja, ankawalemba ndi dzanja limodzi, linalo likugwedeza mwana? Abusa anamusisita pamsana.

Foni inalira. "Duwa langa, usaweruze msanga. Amene ndimamukonda ndi iwe. Tikumane ndikufotokozere."

Namwino anawerenga kawiri. Anadikira kuti mtima udumphe monga unkachitira masiku onse, koma unangokhala phee. M'malo mwake anamva chinthu china chikumasuka pachifuwa, mpweya ukulowa mpaka pansi. Anatsegula chikwama, anagwira pepala lopinda lija. Linali momwemo. Silinafike ku ofesi, panalibe chidindo, panalibe amene analiona. Malo ake m'kalasi anali akadali ake!

Anayamba kuseka misozi ili m'masaya.

"Wapenga?" anafunsa Wailesi mwamantha.

"Masiku awiri okha, atsikana. Shuga akanapirira osatumiza katundu, kapena mayi aja akanapanda kulemba adiresi, Lolemba ndikanadzitaya ndekha ndi siginecha yanga."

"Mulungu amagwiritsa ntchito ngakhale tepi," anatero Abusa ndi mtima wonse.

"Ndi umbombo wa makilogalamu," anawonjezera Wailesi. "Munthu kufuna mkazi waulere, mtengatenga waulerenso!"

Namwino anang'amba fomu ija pakati, anaphatikiza, anang'ambanso, n'kukaponya m'bini ya pambali pa benchi. Nambala ya Shuga anaitseka osayankha. Kenako anakweza maso kuyang'ana mawindo a nsanjika yachisanu, ndipo chimwemwe chake chinasakanikirana ndi chisoni. Iye anali kunja, koma mnzake uja anali atabwerera m'katimo.

"Tikwere sitima ya madzulo ano?" anafunsa Abusa mofatsa. "Tikhoza kubwerera, palibe angakunene."

"Tibwerere chifukwa cha ndani?" Namwino anapukuta nkhope ndi mkono wa juzi. "Tinabwera kudzaona mzinda, ndipo tiuona mpaka mawa. Panopa ndili ndi njala yoopsa."

Anaimirira, anakoleka chikwama paphewa. Atayenda pang'ono anatembenuka.

"Abusa, Lolemba kalasi ikuyamba nthawi yanji?"

"Eyiti koloko."

"Mudzandidzutse sikisi. Ndikufuna mpando wakutsogolo."